Sitima Yopanda Makwerero

Sabata yatha tinali kumanda kukamanga ziliza, chaka chitakwana chimwalirireni a malume. Mmisiri amene tinamuitana kuchokera ku Nsaru ataona manda awiri ogundizana, ena aatali ena aafupi, anavula chipewa n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi apa panagona mwana, mayi?" Ndinamuyankha kuti ayi, panagona sitima. Anandiyang'ana ngati ndalawira kachasu, koma sanafunsenso. Anapitiriza kusakaniza simenti yake, ine n'kukakhala pamthunzi kulira.

A malume anga, a Ludoviko Phiri, anali alongo awo aakulu a mayi anga, ndipo ndi amene anali mwini mbumba kwathu. Mudzi wathu uli pakati pa minda ya fodya ndi mtedza. Madzi aakulu amene timawadziwa ndi a m'dambo nthawi ya dzinja, omwe mbuzi imawoloka osanyowa msana. Koma bambo ameneyu anatha moyo wake wonse akusema sitima ya pamadzi. Musaganize kuti anali masitima ambirimbiri, inali imodzi yomweyo. Akaimaliza ankakhala pansi n'kuiyang'anitsitsa, n'kupeza polakwika, basi kuiphwasula n'kuyambanso. Anthu ankawatchula kuti a Kaputeni, ena mwachikondi, ena monyoza, ndipo iwo ankayankha onsewo mofanana.

Ankagwirira ntchito m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba yawo. Mbali imodzi anaimanga ndi njerwa n'kuikapo chitseko ndi loko chifukwa cha ana ndi nkhuku. Ukalowa, fungo la utuchi wa mbawa ndi guluu linkakulandira pakhomo. Sitimayo inkakhala pathabwa lalitali lokhomedwa kukhoma, itagona pa timitengo tiwiri tosemedwa mokhota kuti isagwe. Kutalika kwake kunali ngati munthu watambasula manja onse awiri. Thupi lake linali lakuda, kunsi kofiira, pakati pali nyumba yoyera yosanjikizana, ndi chumuni chachikasu chodera kunsonga.

Zopangira ankazitola paliponse. Zidutswa za matabwa ankakapempha kwa akalipentala a ku Namitete, ulendo wa panjinga, n'kubwera atamanga kamtolo pakaliyala ngati atenga chuma. Milongoti inali masipoko a njinga. Zingwe zinali ulusi wa m'matumba a feteleza, atauviika mu tiyi kuti ude. Nangula anasula kuchokera ku msomali. Mawindo ozungulira a m'mbali anali timphete tija timakhala m'mabowo a zingwe za nsapato, ndipo nkhani imeneyi akazi awo, malemu a Nabanda, anafa nayo osaiwala. Anagula nsapato zatsopano za kutchalitchi, Lamulungu m'mawa n'kupeza mabowo okhaokha, zingwe zili pambali. Anakalipa mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. A malume anangoti nsapato imayenda ngakhale popanda timphete, koma sitima yopanda mawindo anthu ake amafa ndi mdima.

Muyezo wawo unali umodzi. Ankati munthu woimirira pasitimapo ndi wofanana ndi njere ya mtedza wa chalimbana itaimitsidwa, ndiye china chilichonse chiyezedwe ndi munthuyo. Poti njere zimasiyana, ndiponso mbewa zinkawadyera, anadula kachitsulo ka msinkhu umenewo, n'kukamangirira ulusi, n'kumakapachika pamsomali pafupi ndi zenera. Chitseko cha m'sitima chinkayenera kukapitirira pang'ono. Zitsulo zogwirira za m'mphepete zinkayenera kukafika m'chiuno. Kachitsulo kameneka anakapatsa dzina. Ukawapeza ali kalikiliki ankangotambasula dzanja osakuyang'ana n'kunena kuti, "Tandipatsira Filipo uyo." Ndinakula ndikuyesa kuti ndi dzina la chida, ngati mmene timanenera sowo kapena hamala. Ndinali kale ndi mwana kumbuyo pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ankatchula mng'ono wawo.

Bodza pa ntchito yawo sankalifuna. Pansi pa bowo lotulukira nangula ankapentapo kamzere ka dzimbiri. Ndinawafunsa kuti bwanji akudetsa chinthu chokongola, iwo anati dzimbirilo linalipo, ndipo si iwo amene angalichotse. Kutsogolo, pamene pamalembedwa dzina la sitima, ankasiyapo pakuda. Nthawi imene anaiona sitima yeniyeni imene ankatengerayo anali asanadziwe kuwerenga, ndiye ankati kulembapo dzina lopeka kuli ngati kupatsa mwana wa eni bambo wina. Atsogoleri a mphakati wathu anawapemphapo kuti aseme chombo cha Nowa chophunzitsira ana. Anakana. Anati mikono yake inalembedwa ndithu m'Baibulo, koma iwo sanachione ndi maso, ndipo sakufuna kukakangana ndi Nowa kumwamba pa nkhani ya mawindo. Wamalonda wina wa ku Njewa anabwera kawiri konse kuti akaiike m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, odutsa pagalimoto aziiona. Ulendo wachiwiriwo a malume anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumufunsa ngati iye angagulitse manda a amake.

Ansembe ena ochokera kunja ankawasungira magazini akale okhala ndi zithunzi za masitima. Ankaziyang'ana ndi galasi losweka la mandala, kufunafuna yofanana ndi yawo. Mwana wanga Tadala atayamba ntchito mumzinda anabwera ndi foni, n'kuwaonetsa zithunzi za masitima akale onyamula katundu. Mtsikanayo ankayesa kuti akuwasangalatsa. A malume anayang'ana chithunzi china kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndalakwitsa. Chumuni chinali kumbuyo kwa timabwato topulumukira, osati pakati." Tsiku lomwelo anazula chumuni ndi denga lonse, ntchito ya chilimwe chathunthu. Tadala anabwera kwa ine maso ali ofiira, akuti waononga zinthu za agogo. Koma iwo m'chigafamo ankaimba mluzu.

Chinthu chimodzi chokha chinkasowa pa sitimayo nthawi zonse. Panalibe makwerero, aja amatsitsidwa m'mbali kuti anthu akwere kapena atsike sitima ikaima padoko. Aliyense wobwera kudzaona ankafunsa kuti nanga anthu amalowera pati. Yankho lawo linali limodzi, lakuti sitima ikakhala paulendo makwerero amakhala atakokedwa. Tadala anawaonetsa pachithunzi kuti ngakhale okokedwawo amaoneka ndithu, atagona m'mbali. Munthu amene anazula chumuni chifukwa cha chithunzi, apa anangokankha foniyo n'kufunsa ngati nkhuku zapatsidwa madeya.

Nkhani ya Filipo inali yotere. Dziko lino lisanalandire ufulu, anyamata ambiri kwathu ankapita kumigodi. A malume ndi mng'ono wawo Filipo anasankha njira ina, anakakwera sitima ya pamtunda ku Salima mpaka ku Beira, kumene ankasenza matumba padoko. Tsiku lina Filipo analowa ntchito m'sitima ya katundu, sitimayo n'kunyamuka. Sanabwerenso. Panalibe uthenga, panalibe womuona, ndipo popanda dzina la sitima panalibe pofunsira. A malume anadikira padokopo mpaka zovala zinawathera, kenaka anabwerera kumudzi okha.

Mayi anga, a Velonika, anali kamtsikana nthawi imeneyo, ndipo ndi amene anandiuza za tsiku limene alongo awo anafika. A malume anapeza amayi awo, agogo anga, akupeta pabwalo. Agogo sanawapatse moni, anangofunsa kuti, "Wamusiya kuti mwana wanga?" A malume anati ali m'sitima ya pamadzi. Agogo anali asanaonepo ngakhale bwato. Anafunsa kuti chinthucho n'chotani, chachikulu bwanji, munthu amakhalamo bwanji osamira. Mawu atawathera, a malume anapita kumunda, anathyola mapesi, n'kuyamba kusenda ndi kulumikiza ndi minga. Imeneyo ndiye inali sitima yoyamba. Agogo anaitenga m'manja n'kumafunsa: amagona pati, amadyera pati, mvula ikagwa amausa pati. Pamene a malume sanakumbuke bwino, ankakonza n'kubweranso mawa lake. Pomaliza agogo anafunsa kuti, "Nanga akafuna kubwera, atsikira pati?" Apo a malume anangoweramitsa mutu.

Agogo analetsa maliro. Anati munthu wamoyo salilidwa, ndipo aliyense amene angamete tsitsi chifukwa cha Filipo akhala kuti wamupha ndi iyeyo. Anamwalira akudikirabe. Zaka zinapita, amsinkhu wa Filipo anachita imvi n'kuyamba kutha mmodzimmodzi, koma iye anakhalabe wosafa komanso wosakhala moyo. Pa Misa ya akufa dzina lake silinkatchulidwa, ndipo pogawa minda gawo lake linkangosiyidwa.

Amene zinkawapweteka kwambiri anali mayi anga. Filipo ndiye ankawabereka popita kumunda, ndipo ponyamuka anawalonjeza duku. Mayi ankati maliro osalira amakhala pakhosi, sungawameze, sungawalavule. Atayamba kudwala mtima, miyendo ikutupa, anayamba kulankhula za chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kulira mlongo wawo monga anthu amalirira, kumuika m'manda a kwathu, ndi kumeta, iwo asanafe. Koma kwathu maliro salengezedwa mwini mbumba asanavomere, ndipo mwini mbumbayo anali a malume.

Tinakumana titatha kukolola, pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a malume. Mayi tinawatengera panjinga. Akuluakulu a m'banja anafotokoza kuti munthu akafera kutali thupi osapezeka, m'bokosi mumaikidwa thunthu la nthochi kapena chinthu chake cha malemuyo. Koma cha Filipo panalibe chotsala, ngakhale chigamba cha malaya. Ndi pamene mayi anati, "Alongo, tipatseni sitima ija. Ndi mmene muli Filipo. Timuike, ine ndimulire, mtima wanga ukhale pansi."

A malume anayang'ana pansi. Anati, "A Naphiri, sitima ija siinathe."

"Zaka zonsezi? Chatsala n'chiyani?"

"Makwerero."

Mayi anga anali munthu wofatsa, woti ngakhale nkhuku ankaipirikitsa mopepesa. Tsiku limenelo anadzikoka n'kukhala tsonga pamphasa.

"Makwerero ake ati? Omwe aja munabwererapo inu, eti?"

Mayi sanaime. Ananena zonse zimene anamva ali mwana, a malume akuulula kwa agogo kuseri kwa nkhokwe. Ntchito ya m'sitima ija sinali ya Filipo. Kapitawo anasankha a malume chifukwa ndiwo anali amphamvu. Filipo anangowaperekeza, atawanyamulira kamtolo ka zovala. A malume anayamba kukwera makwerero, koma atafika pakati makwererowo anagwedera, iwo n'kuyang'ana pansi, n'kuona madzi akuda pakati pa sitima ndi khoma la doko. Mantha anawagwira. Anatsika chobwerera m'mbuyo, kapitawo akutukwana pamwamba. Filipo anaseka, n'kunena kuti, "Ndikakugwirireni malo, achimwene, ulendo winawo mudzapita ndinu." Anakwera chothamanga, wopanda nsapato, kamtolo ka mkulu wake kali paphewa.

"Ine sindinakuimbeni mlandu," anatero mayi. "Mantha si tchimo. Ndasunga pakamwa moyo wanga wonse chifukwa chokulemekezani. Koma inu mwamutsekera mwana wa mayi anga m'mwamba umo, osamupatsa potsikira, chifukwa choti simufuna kuyang'ana pamene munaima. Ine ndikufa, alongo. Kodi simukuona?"

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tonse tinayang'ana a malume kuti azimitse. Anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja. Anati, "Zonse wanenazi n'zoona, mlongo wanga." Kenaka anatembenuka, analowa m'chigafa, n'kutseka chitseko. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha, koma sanatuluke. Mayi tinawakweza panjinga kubwerera kunyumba.

Mayi anamwalira dzinja lotsatira, chimanga chili m'mawondo. Sanalire mlongo wawo. Usiku wa maliro awo sindikufuna kuukamba, koma tsiku lometa ndinawapeza a malume atakhala paokha, mutu uli mbee, ndipo ndinawauza zimene zinali kukhosi kwanga. Ndinati, "A malume, mayi anga apita ndi mfundo pakhosi chifukwa cha matabwa anu. Munali ndi mlongo wamoyo, munasankha chidole." Mawu amenewo sindikuwabweza ngakhale lero. Ndinkawakonda bambo amenewa kuposa mmene ndingafotokozere, ndipo anawalakwira mayi anga. Zonse ziwirizi ndimagona nazo. Iwo anangosisita mutu wawo wometedwawo.

Chichokereni pamenepo anafooka msanga. Maso anachita ng'ala, manja anayamba kunjenjemera. Mluzu m'chigafa unasiya kumveka. Ndinkawapititsira chakudya chifukwa ana awo anali kutali, ndipo ndinkachisiya pakhomo osalowa. Tsiku lina ndinawapeza atatulutsa mpando padzuwa, akulimbana ndi ulusi ndi singano, akulasa pambali. Anati, "Make Tadala, tandilowetsera, maso andithawa." Ndinalowetsa. Sanathokoze, ine sindinafunse kuti ndi wa chiyani. Kuyambira pamenepo ndinkakhala nawo pang'ono akamadya, tikumakamba za mitengo ya feteleza ndi za anthu odwala m'mudzi. Dzina la Filipo kapena la mayi silinatulukenso pakamwa pathu.

M'nyengo yozizira anagwidwa ndi chibayo. Pamene tinkawakweza pangolo kupita kuchipatala cha mishoni, anandigwira dzanja n'kundifumbatitsa kiyi wa chigafa. Anati, "Ukatsegule ine ndikapita. Yakocheza." Sindinamve tanthauzo lake, ndinayesa kuti ndi kutentha kwa thupi. Iwo anabwereza, akupuma movutika: "Sitima yafika padoko, mwana wa mlongo wanga. Ukawauze akuluakulu." Sanathe sabata kuchipatalako.

Thupi litafika kumudzi, azimayi atayamba kulira m'nyumba, ndinazemba n'kukatsegula chigafa. Sitima inali pamalo pake. M'mbali mwake munali makwerero, atatsitsidwa mpaka kukhudza thabwa. Anali opendekeka. Guluu anali atatayikira pathupi lakuda lija, zala zawo zitadindapo. Bambo amene sankalola ngakhale msomali umodzi kupotoka anasiya ntchito yotere, chifukwa anaigwira mopapasa. Pa sitepe yotsiriza, pansi penipeni, anamatapo kachitsulo kaja koyezera, kataimirira. Ndinakhala pansi pa utuchi n'kulira mokweza, kulirira onse atatu, mpaka anthu anabwera akuthamanga.

Akuluakulu atalowa n'kuona, sanachedwe kukambirana. Adzukulu anauzidwa kuti akumbe manda awiri. Kalipentala anakhoma kabokosi kuchokera ku matabwa a m'chigafa momwemo, ndipo milongoti inachita kupindidwa kuti chivundikiro chitseke. Katekisiti anatchula mayina awiri, Ludoviko ndi Filipo, ndipo aka kanali koyamba kumva dzina limenelo pa mwambo wa maliro. Tinawaika mogundizana, chapafupi ndi pamene panagona mayi. Tsiku lometa ndinauza mayi wometayo kuti asangodula pang'ono pachipumi ngati mmene ambiri amachitira masiku ano, amete mutu wonse. Ndinametera ine ndi mayi anga omwe.

Titamaliza ziliza sabata yathayi, ndinatsegulanso chigafa kuti ndisese, popeza ana a malume akufuna kusungiramo mtedza. Fungo la mbawa latha, mukununkha chinyontho. Chiswe chayamba kukwera mzati wa pakona. Thabwa lija likadali kukhoma, ndi timitengo tiwiri tokhota titayang'ana m'mwamba, topanda chonyamula. Pamsomali wa pazenera pakulendewera ulusi wokha. Mpando wawo uli pomwe anausiya, mwendo umodzi atauchirikiza ndi chidutswa cha njerwa.

Posesa pansi pa tebulo tsache linagunda chitini chachikulu cha bisiketi, chadzimbiri. Ndinkayesa kuti muli misomali. Munali makwerero okhaokha, odzaza mpaka pakamwa. Ena anali a mbawa, ena a nsungwi, ena a waya, ndipo pansi penipeni panali a mapesi, ouma moti anafumbutuka nditangowagwira. Onse anali owongoka, masitepe ake ofanana, zogwirira zake zomangidwa bwino ndi ulusi. Imeneyo inali ntchito ya maso akuthwa ndi manja osanjenjemera, ya zaka zambiri mayi asanayambe n'komwe kudwala. Tsiku lija mayi anga ankapempha pansi pa mango, chitinichi chinali pompano, kuseri kwa chitseko chimene a malume anatseka.

Ndinawayala pathabwa lopanda sitimalo, n'kuwayeza mmodzimmodzi ndi kutalika kwa timitengo tija. Aliwonse akanakwana.